Kalata kwa Bwanamkubwa wa boma la Mulanje: kaundula wa anthu asagone pa kompyuta imodzi

Bwana DC,

Ndine nzika ya ku Chitakale, ndimagwira ntchito za makompyuta. Pempho langa ndi lakuti zolemba za khonsolo, monga maina a olandira Mtukula Pakhomo, za misika ndi za malo, zizisungidwa pa maseva atatu (makompyuta akuluakulu osungira zolemba) amene ali m'malo osiyana, ndipo chilichonse cholembedwa pa imodzi chizikopereka pa zinzake nthawi yomweyo.

Mukukumbukira namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, momwe misewu inadukira, magetsi n'kuzima, abale athu a ku Muloza n'kuthawira m'makampu. Nthawi ngati imeneyo m'pamene kaundula amafunika kwambiri, ndiponso m'pamene kompyuta imodzi yokha imafa. Agogo athu sankaika mbewu yonse m'nyumba imodzi, ina ankasungitsa kwa achibale kutsidya.

Mwina mufunsa kuti bwanji atatu, awiri sakukwana? Intaneti ikaduka pakati pa maseva awiri, iliyonse imaganiza kuti inzake ndiyo yafa, n'kupitiriza kulemba payokha. Akadzalumikizananso, mudzapeza kuti imodzi ikunena kuti mayi wina analandira chimanga, ina ikuti sanalandire. Akakhala atatu, lamulo limakhala lakuti cholembedwa chimatengedwa ngati choona pokhapokha awiri achivomereza. Imodzi ikafa, ntchito imayendabe. Asanu amapirira ngakhale awiri atafa.

Koma onse atatu akakhala m'chipinda chimodzi pa boma pano, ndiye kuti ndalama zalowa m'madzi. Ina ikhale ku Blantyre, ina kutali ndithu ngati ku Lilongwe, ndipo iliyonse ikhale ndi mabatire kapena sola wake. Tinaona mu Januwale 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, mdima unagwira dziko lonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: wina akafufuta fayilo molakwitsa, kapena akuba a pa intaneti akatseka zolemba, vutolo nalonso limakopereka pa maseva onse. Choncho pamafunikanso kope lachinayi, lotengedwa tsiku lililonse n'kusungidwa posalumikizidwa ku intaneti.

Bwana, chonde ikani nkhaniyi mu bajeti ya khonsolo. Ndipo mvula isanayambe, lamulani akatswiri anu kuti azimitse dala seva imodzi masana, makhansala akuona, kuti titsimikize kuti enawo atenga ntchito.

Ine wanu,
Nzika ya ku Chitakale