Kupereka thandizo pamanja kunandisiya ndi chisoni

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinene zomwe ndinaona namondwe wa Freddy atasakaza mu Malichi 2023.

Ine ndi amayi anzanga a kutchalitchi tinasonkherana n'kugula ufa, mabulangete ndi ndowa, ulendo wa kusukulu ina ku Chilobwe komwe anthu ankagona. Tinkafuna kupereka tokha pamanja. Titangotsitsa katundu, anthu anatiunjirira. Patsogolo panali anyamata amphamvu, ena oti nyumba zawo sizinagwe n'komwe. Agogo ena, matope akadali m'miyendo, anangokhala pakhonde atafungatira mdzukulu wawo, osatha kulimbana ndi chikhamucho. Katundu anatha iwo osalandira kanthu. Mpaka lero nkhope yawo imandibwerera.

Ulendo wachiwiri tinadzera ku komiti ya pamsasa, koma pamndandanda panadzaza abale a olemba mayinawo. Nanga tikanadalira ndani?

Ndikupempha makhonsolo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuti mvula isanayambe azilemberatu okalamba, aulumali ndi ana amasiye m'dera lililonse, ndipo mayinawo aziwerengedwa pabwalo aliyense akumva, kuti ife opereka tizidziwa khomo loti tigogode.

Mayi wokhudzidwa,
Zingwangwa, Blantyre