Usanagule tikiti ya Disembala ija werenga izi

Mwana wanga,

Uthenga wako uja ndamva, mlongo wako anandiyatsira pa foni yake dzulo titatha kudya, nde ndasangalala zedi kuti chaka chino mwaganiza zobwera nonse ndi ana omwe. Kuno tili bwino, bambo ako mwendo uja umawavutabe kukachita mitambo koma akuyenda. Ndati ndichite kulemba chifukwa pa foni iwe umangoti eya amayi eya amayi, kenako netiweki yadula, zomwe ndimafuna kunena osatha.

Za njira sindichulutsa, ukuidziwa kuposa ine. Koma mapepala uwaone panopa osati sabata yonyamuka, mapasipoti nonse, masatifiketi obadwira a ana, ndi masiku amene anakudindira, pajatu ukadutsitsa masiku ku South Africa potuluka amakudinda kuti usalowenso, ena chaka ena mpaka zaka 5, nde ubwere kudzadya Khirisimasi ntchito n'kuthera pomwepo? Tikiti gula msanga, Disembala pa Park Station anthu amachita kupondana ndipo pa Beitbridge basi imatha kuswera tsiku lonse pamzere. Ana uwatengere madzi ambiri ndi kansalu konyowetsa, ku Tete kumatentha moti munthu wamkulu amafuna kulira. Mukamawoloka Zambezi, olo pa mlatho wakale wa Samora Machel olo watsopano wa Kassuende umene anatsegula 2014 uja, uwadzutse aone madziwo, uwauze kuti Shire amene akawoloke pa Zalewa amakathira mumtsinje womwewo kumunsi uko. Ana amasunga zinthu zoterezi kuposa maswiti.

Ine nditabwera kwanu nthawi ya chikuta cha wamkuluyo, chimene chinandigwira mtima si nyumba zitalizitali za ku Hillbrow ayi, koma milu ya dothi lachikasu ija m'mbali mwa msewu, ndinangoti kodi dothi limeneli agogo ako sanatulutseko? Pajatu anapita ku migodi pa Wenela, ananyamukira dera lomwelo pomwe basi yanu idzakutsitseni ku Blantyre, ndipo anali komweko 1974 pomwe ndege yonyamula anthu akumigodi inagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambirimbiri, a Kamuzu n'kuletsa zoti anthu azipitanso. Agogo akowo pobwera anali ndi sutikesi yachitsulo, bulangete ndi wailesi basi, koma mpaka lero kumudzi amakamba zoti atafika anayenda khomo ndi khomo mudzi wonse, kukhala pansi, kumva za amene anamwalira iwo kulibe. Za wailesiyo palibe amazikumbuka.

Nde apa ndi pomwe pali nkhani yanga. Ndaona ana a anzanga akabwera kuchokera ku Joni, katundu mpaka thilela, firiji, matilesi, masipika, pa boda pa Mwanza kukangana ndi a MRA za msonkho, akafika holide yonse imathera kugawa katunduyo, apa kutula jumbo galimoto osazimitsa, apa kuimba hutala mwana atuluke alandire, mawa lake ali pa Kamba ndi anzawo a kusukulu kugula mowa tebulo lonse, Januwale ikamafika akubwereka thiransipoti yobwerera kwa mayi awo omwe amagulitsa mandasi. Iwe usatero chonde. Katundu chepetsa, masiku ndi amene uchulutse.

Mukapuma kuno ku Zingwangwa, ulendo woyamba ndi wa kumudzi ku Luchenza kwa amalume ako, iwowo ndi eni mbumba, sungayambe kuzungulira kwa anzako iwo n'kumva kwa anthu kuti mphwawo ali m'dziko muno. Ndipo ukudziwa kuti maliro a azakhali ako aang'ono sunakhalepo. Ndalama unatumiza pa Mukuru inde, inathandiza bokosi ndi ndiwo, anthu anayamika, koma chipepeso cha pa foni sichimaliza nkhani, ana awo akudikira kuti ukakhale nawo pamphasa, ukawapepese ndi pakamwa pako, ngati amalume ako avomera akakulozere pomwe anagona. Kumanda usakapite wekha ngati ukupita kumsika, pamakhala polowera pake, amfumu amayenera kudziwa.

Mukafike m'mawa ndipo mukagone, osati zofika 3 koloko kenako ayi tikuthamangira mdima. Akakupatsani mpando iwe khala, mpongozi wanga akhale pamkeka ndi amayi anzake, mudikire malonje, usayambe ndiwe kutulutsa zamujumbo moni asanathe. Moni wakumudzi ndi wautali, aliyense adzabwera payekha kudzagwada kufunsa mwayenda bwanji, mwawasiya bwanji kumeneko, iwe uyankhe aliyense ngati ndi woyamba, foni ikhale m'thumba. Adzakupherani nkhuku, mwina ndi yokhayo yomwe yatsala pakhomopo, idya ndithu usati ndakhuta, ndipo nthawi imeneyo kumakhala nkhwani zanthete zotendera, bowa, ngumbi mvula ikagwa bwino, mango mbwee, ana alawe zonse. Wamng'onoyo akakana ngumbi musamukalipire pagulu, adzazolowera akaona anzake akubwira kkkk.

Za madzi ndi udzudzu ndiye sindikuseka. Ana ako anabadwira ku Johannesburg komwe kulibe malungo, thupi lawo silinakumanepo nawo, nde malungo akawagwira amawagwetsa msanga kuposa ana akuno. Pitani kuchipatala musananyamuke mukafunse za mankhwala oteteza, maneti ndagula kale awiri, wina mudzapita nawo kumudzi. Olo mutabwerera, mwana akangotentha thupi muuze dokotala kuti munali ku Malawi, asamangoti ndi chimfine. Madzi akumwa tidzawiritsa, kolera ya 2022 mpaka 2023 ija inatiphunzitsa, koma uchite mwanzeru, undinong'oneze ine kapena akazi a amalume ako tikonze kukhitchini, osati kukana kapu m'manja mwa nkhalamba uku ukutulutsa botolo lako la mushopu, zimawawa zimenezo.

Ndalama usagawe pabwalo anthu akuona. Amene ukufuna kumupatsa muitanire kuseri, umufumbatitse, basi. Ukaonetsa kuti uyu K5,000 uyu K20,000 udzachoka utasiya udani umene ine ndi amene ndidzausenze chaka chonse. Komanso usapusitsike ndi kuchuluka kwa makwacha ukasintha ma rand ako, chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndalama imangooneka yambiri m'manja koma ukalowa mugolosale shuga, sopo, mafuta ophikira yatha. Ukandifunsa ine, m'malo mwa nsapato zodula zija amalume ako ungowagulira thumba la Urea, nthawi imeneyo chimanga chimakhala chikufuna feteleza wobereketsa, adzakudalitsa mpaka kukolola. Pobwera kumudziko mudzaime pa Bvumbwe mundigulire kabichi ndi tomato, kumeneko ndiye kotchipa.

Kwa apongozi ako ku Ntcheu masiku akhale ofanana ndi a kwathu, ndanena. Usamutumize mkazi wako yekha ndi ana iwe n'kutsala m'tauni ati ndili ndi zochita, zochita zanji? Anthu aja anakupatsa mwana wawo wapita naye kutali, akuone nkhope, ukawagwirire olo khasu m'mawa umodzi. Ine sindidzadandaula kuti mwandichepetsera masiku, ndinakhalapo mkazi wa mwini ndikudziwa mmene zimawawira kwanu kukamangodutsidwa.

Tsono tauni yathuyi. Ndikukupempha tsiku limodzi usabwereke galimoto ya munthu, mukwere minibasi ndi anawo kuchokera ku Limbe, mutsike ndi Chipembere Highway, Chichiri, Ginnery Corner mpaka pa Clock Tower, kondakitala akukuwa, mayi wina wakusenzetsa beseni la nthochi pamiyendo, aone mmene anthu akwawo amakhalira tsiku ndi tsiku. Kenako muyende wapansi mpaka ku HHI akaone tchalitchi cha St Michael and All Angels, chija anamaliza 1891 ndi njerwa zowotcha pompano, amene anatsogolera ntchitoyo m'busa David Clement Scott sanaphunzire n'zomangamanga zomwe, koma chilipobe njii pomwe nyumba zina zomangidwa dzana zayamba kale kung'aluka. Ukakhala ndi mphamvu mudutsenso ku Mandala, nyumba ya 1882 ija. Njinga zamoto za kabaza zadzaza paliponse masiku ano, zimathandiza inde koma adzukulu anga asakwere, ndaona zambiri.

Phiri la Soche ulipeza lasintha. Ukaima pakhonde pathu pano ukuona chipsera pomwe madzi ndi miyala zinatsikira nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, kukokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe, ndipo pena anthu abwereranso kumanga malo omwewo chifukwa lendi m'tauni muno si masewera, munthu apite kuti. Kuli mayi wina wa kumvano kwathu anataya ana kumeneko, umamudziwa, ankakupatsa zitumbuwa uli ku pulayimale, tidzapita limodzi ukamuone. Kumeneko usakajambule zithunzi zoika pa Facebook. Phiri la Ndirande nalo ndi lija lambee, bambo ako akayamba kukamba za mitengo ya paini imene inali mmenemo kale satha, uwalole akambe, anawo amve, makala omwe tikuphikirawa ndi amene akumaliza mapiri ndipo tonse tikudziwa koma magetsi akazima nsima iphikidwe ndi chani.

China ndikuchenjeze, pakamwa. Udzaona maenje mumsewu, zinyalala m'mbali mwa Mudi, mwina mizere ya mafuta pa filing'i siteshoni, nde usamangoti ku Joni izi sizingachitike, ku Joni izi, ku Joni izo. Anthu amangoseka nawe koma mumtima amati nanga wabwereranji. Ife tikukhala momwemu ndipo mavutowa tikuwadziwa kuposa iwe, komanso ine ndinaona ndi maso anga mmene mumakhalira kumeneko, mipanda ya waya wamagetsi, kukhoma geti dzuwa lisanalowe, neba osamudziwa dzina, ndinkapereka moni m'sitepe anthu n'kumandiyang'ana ngati ndapenga. Kulikonse kuli zake. Ana akamalankhula Chizungu ndi Chizulu palibe vuto, koma kuyambira lero uziwaphunzitsa olo muli bwanji agogo, ndili bwino kaya inu, zikomo, ndi kulandira chinthu ndi manja awiri, zotsalazo azisuweni awo adzawaphunzitsa pamasewera.

Undiuze tsiku lenileni lonyamuka ndi basi yomwe mwakwera kuti mlongo wako akakudikireni pa Wenela, ndipo mukangodutsa pa Mwanza uimbe ndiyike madzi pamoto. Ine usandigulire kanthu kupatula mafuta opaka aja a mwendo wa bambo ako, utenge awiri. Iwo akuti jekete yomwe unawalonjeza chaka chatha sanaiwale, ati yakuda, ndipo usagule yothina ngati ija. Moni kwa mpongozi wanga ndi adzukulu anga, uwauze agogo asunga nkhuku yoyera ija.

Ndine mayi ako.