Msana wa Ilala uwunikidwe ndi akatswiri athu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za kulimba kwa sitima za pa Nyanja ya Malawi, makamaka Ilala, yomwe idapangidwa ku Scotland mu 1949 ndipo yakhala ikunyamula anthu ndi katundu pakati pa Monkey Bay, Likoma, Nkhata Bay ndi Chilumba kuyambira 1951.

Thunthu lonse la sitima limagwira ntchito ngati mtanda umodzi wautali wogona pamadzi. Funde lalikulu likaitukula pakati, kutsogolo ndi kumbuyo kumalendewera, motero zitsulo za pamwamba zimakokeka pamene za pansi zikupanikizika. Funde lija likasuntha n'kutukula nsonga zonse ziwiri, zinthu zimatembenuka. M'nyengo ya mwera kupindika kumeneku kumabwerezabwereza usana ndi usiku, ndipo chitsulo chimatopa, makamaka mowotcherera ndi m'makona a pakhomo potsitsira katundu, momwe mng'alu umayamba uli waung'ono kwambiri mwakuti diso silingauone.

Pali njira yowerengera zimenezi pa kompyuta yomwe mainjiniya amaitcha finite element. Chithunzi cha sitima chimagawidwa m'tizidutswa masauzande ambiri, kalikonse n'kupatsidwa kukhuthala kwake ndi mtundu wa chitsulo chake, kenako amaikapo kulemera kwa injini, katundu ndi mphamvu ya mafunde, ndipo kompyuta imaonetsa malo amene akusenza mopitirira muyeso. Sitima ya MOL Comfort itathyoka pakati m'nyanja ya Indian mu 2013, ofufuza a ku Japan adagwiritsa ntchito njira yomweyi pofuna kumvetsa momwe zitsulo zake za pansi zidapindikira.

Komabe chimene ndikufuna kutsindika n'chakuti kompyuta imayankha molingana ndi zimene mwaipatsa. Kuwerengera Ilala potsata mapulani ake oyamba n'kudzinamiza, pakuti dzimbiri ladya zina mwa zitsulozo ndipo zina zidasinthidwa pokonza. Payenera kukhala munthu wolowa pansi penipeni pa sitimayo ndi kachipangizo koyezera kukhuthala kwa chitsulo, n'kulemba zimene wapeza malo ndi malo.

Kuno ku Blantyre tili ndi sukulu ya MUBAS yophunzitsa mainjiniya, ndipo mapulogalamu ena a pa kompyuta owerengera mwa njira ya finite element, monga CalculiX, ndi aulere. Ndikupempha akuluakulu oona za maulendo a panyanja kuti nthawi ina iliyonse Ilala ikaimitsidwa kuti ikonzedwe ku Monkey Bay, aphunzitsi ndi ophunzira a ku MUBAS aziitanidwa kukayeza, ndipo zotsatira zake zizisungidwa kuti zizifanizidwa ndi za ulendo wotsatira.

Wowerenga wanu,
Chichiri, Blantyre