Kalata yochokera ku Dublin: za ana a Tilitonse ndi pepala la pakhomo la tchalitchi

Mnzanga wapamtima,

Uthenga wako wa mawu uja ndaumvera kawiri ndili m'basi. Ndakondwa kuti mvula yakuchitirani chifundo chaka chino ndiponso kuti mwendo wa mayi wayamba kupola. Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno limawala ngati lobwereka.

Wati akusankha kuti uziyang'anira ana a Tilitonse, gulu lija lophunzitsa ana za chikhulupiriro, ndi anyamata otumikira pa Misa, ndipo ukufuna kudziwa mmene amatetezera ana kuti asagwiriridwe m'maparishi a kuno ku Ireland. Nkhaniyi siingakwane pa WhatsApp, ndiye khala pansi.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Chaka chatha ndinadzipereka kuti ndizithandiza kwaya ya ana. Ndinkaganiza kuti andilandira ndi manja awiri Lamulungu lomwelo, koma anandipatsa mafomu. Apolisi a kuno, omwe amawatcha Garda, anayenera kuyamba afufuza mbiri yanga. Ndinalemba malo onse omwe ndinakhalako, mpaka kumudzi komwe, anthu awiri ondidziwa anandichitira umboni, kenako maphunziro. Mumtima ndinati basi, n'chifukwa choti ndine mlendo. Mayi wina wachikulire wa m'parishimo ataona nkhope yanga yagwa anandikokera pambali n'kundiuza kuti Bambo Mfumu nawo anadutsa momwemo, ndipo pakapita zaka amafufuzidwanso. Ndinameza mawu anga.

Malamulo ake ndi osavuta kumva. Pamene pali ana pamayenera kukhala akuluakulu awiri kapena kuposerapo, osati mmodzi. Mwana sakwera yekha galimoto ya wansembe kapena ya mphunzitsi, salowa yekha m'nyumba ya ansembe, ndipo wamkulu samutumizira mauthenga pa foni makolo osadziwa. M'chipinda chomwe ansembe ndi otumikira amavaliramo muli buku, aliyense wolowamo amalemba dzina ndi tsiku. Ngakhale pa kulapa kwa ana, amakonza poti anthu aziwaona koma osamva zomwe zikunenedwa. Ndipo pakhomo la tchalitchi pali pepala lokhala ndi manambala a foni: a munthu amene dayosizi inamuika kuti azilandira madandaulo, a Garda, ndi a Tusla, bungwe la boma loona za ana.

Usaganize kuti anthu a kuno anangodzuka ali anzeru. Malamulowa anabadwa pa misozi. Mu 1994 nkhani ya wansembe wina, Brendan Smyth, amene anagwirira ana kwa zaka zambirimbiri akuluakulu ake akudziwa, inafika pogwetsa boma la Ireland. Mu 2009 munatuluka lipoti la Murphy, la ofufuza omwe boma linawatuma, lokhudza dayosizi ino ya Dublin. Anaunika nkhani za ansembe 46, kuyambira 1975 mpaka 2004, ndipo madandaulo ake ankakhudza ana oposa 320. Chomwe chinandidula mawondo si chiwerengerocho ayi, koma zomwe anapeza kuti akuluakulu ankaziika patsogolo: kusunga chinsinsi, kupewa kuchita manyazi, kuteteza dzina la Mpingo ndi chuma chake. Mwana ankabwera pambuyo pa zonsezo. Kholo likadandaula, wansembe uja ankangomusamutsira ku parishi ina, komwe anthu ankamulandira ndi nyimbo osadziwa kuti akusungitsa mbuzi kwa fisi. Ku Boston, ku America, zinali chimodzimodzi. Nyuzipepala ya Boston Globe itaulula mu 2002, Kadinala Bernard Law anatula pansi udindo chaka chomwecho, ndipo maepiskopi a dzikolo anagwirizana ku Dallas kuti wansembe wopezeka kuti anagwirira mwana, ngakhale kamodzi kokha, asabwererenso pa utumiki.

Pano dandaulo likabwera, njira yake ndi yodziwika, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna umvetsetse chifukwa tsiku lina mwana akhoza kusankha iweyo. Anatiphunzitsa kuti mwana akayamba kulankhula, umvetsere mofatsa. Usamupanikize ndi mafunso ngati wapolisi, usamuikire mawu m'kamwa, ndipo usalonjeze kuti usunga chinsinsi, chifukwa sungathe. Umuuze kuti wachita bwino kunena, ndipo kuti si iye wolakwa. Ulembe mawu ake momwe wawanenera, n'kukapereka msanga kwa wolandira madandaulo uja. Suli woweruza. Supita kukafunsa woganiziridwayo kuti kodi n'zoona. Dayosizi imadziwitsa Garda ndi Tusla, ndipo lamulo la boma la 2015 linaika ansembe m'gulu la anthu okakamizidwa kukanena. Wansembeyo amapemphedwa kuyamba waima pa utumiki, osati chifukwa wapezeka kale wolakwa, koma kuti ana akhale otetezeka pofufuzapo. Mpingo umadikira kuti a boma amalize zawo, kenako umapitiriza mlandu wake. Kuyambira 2001 milandu yotereyi imatumizidwa ku Roma, ku ofesi yoona za chiphunzitso cha chikhulupiriro, ndipo chilango chake chimatha kufika pochotsedwa unsembe. Olakwiridwa amapatsidwa uphungu waulere kudzera ku bungwe lotchedwa Towards Healing, lomwe Mpingo umalipirira.

Koma pepala lokha siliteteza mwana. Maepiskopi a kuno anali atalemba kale malangizo mu 1996 oti madandaulo azipita kupolisi, koma lipoti la 2011 lokhudza dayosizi ya Cloyne linapeza kuti kumeneko sankawatsata, mpaka zaka zochepa lipotilo lisanatuluke. N'chifukwa chake pali bungwe lapadera lomwe linakhazikitsidwa mu 2006, limene limayendera madayosizi, kutsegula mafayilo, n'kusindikiza zomwe lapeza kuti aliyense awerenge. Ine ndimaona kuti mphamvu ili pamenepo: episkopi azidziwa kuti pali wina wakunja amene adzafunse.

Ndikudziwa zomwe ena akuuze kumeneko, kuti zimenezo ndi za azungu. Mu February 2019 Papa Francis anaitanitsa ku Vatican atsogoleri a maepiskopi a mayiko onse, ndipo sisteri wina wa ku Nigeria, Veronica Openibo, anaima pamaso pawo n'kutsutsa maganizo oti vutoli kulibe ku Africa ndi ku Asia. Mwezi wa May chaka chomwecho Papa anatulutsa lamulo lotchedwa Vos estis lux mundi. Limati dayosizi iliyonse padziko lapansi, za kwathu zomwe, ikhale ndi njira yodziwika ndi yofikirika yoperekera madandaulo, ansembe ndi asisteri azinena akadziwa kanthu, ndipo episkopi wobisa mlandu azifufuzidwa. Limaletsanso kutseka pakamwa wodandaula. Ndiye ukapita kwa Bambo Mfumu kukafunsa dzina ndi nambala ya amene amalandira madandaulo m'dayosizi yanu, sukuchita mwano. Ukufunsa chinthu chomwe Papa analamula.

Sindikunamiza kuti zonse zili myaa. Lamulo la Papa lija silikakamiza kukanena kupolisi paliponse, limangoti atsate malamulo a dziko lawo, ndipo episkopi amafufuzidwa ndi episkopi mnzake. Marie Collins, mayi wa kuno ku Dublin amene anachitidwa chipongwe ndi wansembe ali mwana, anali m'komiti ya Papa yoteteza ana, koma mu 2017 anachokamo atatopa ndi kukokakoka kwa maofesi ena a ku Vatican. Matchalitchi ambiri kuno ndi a imvi zokhazokha. Achinyamata anachoka, ndipo sindingawaloze chala.

Chomwe chimandisowetsa tulo ndikaganiza za kwathu ndi ulemu wathu uja. Ukukumbukira mmene tinkagwadira tikaona Abambo, mmene amayi ankatithamangitsira kukasesa kunyumba ya ansembe tili atatu, nthawi zina mmodzi? Kwa ife palibe choipa chinachitika, ndipo ansembe ambiri omwe ndinawadziwa anali anthu abwino, ena anatilipirira ndi fizi yomwe. Koma tangoganiza chikanachitika. Tikanauza ndani? Mwana amene sukulu yake ili m'manja mwa munthu yemweyo, amene makolo ake amati munthu wa Mulungu sanenedwa, angatsegule pakamwa? Ndipo akatsegula, si timathamangira kukambirana pachiweniweni, mbuzi imodzi nkhani yatha? Kugwirira mwana ndi mlandu wa kupolisi, kaya wochitayo wavala mkanjo, kaya ndi katekisiti, kaya ndi woimbitsa kwaya, kaya ndi malume. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lathu amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere.

Sipakufunika ndalama za mabungwe kuti uyambe. Kope limodzi la masamba ambiri likwana kulembamo amene ali ndi ana tsiku lililonse. Pezani amayi kapena abambo awiri pa gulu lililonse, makamaka pa maulendo ogona konko ndi pokonzekera zovina za pa Misa, pomwe ana amaweruka kutada. Lemba manambala aja ndi zilembo zazikulu, umate pakhomo, pamsinkhu woti mwana wa Sitandade 4 awerenge. Ukamafotokoza ku khonsolo ya parishi, uwauze kuti dongosololi limatetezanso wansembe wosalakwa ku mphekesera. Ndaona kuti anthu amamva msanga ukayambira pamenepo.

Buku la malangizo lomwe anatipatsa ndalijambula masamba onse, ndikutumizira usiku uno intaneti ikakhala bwino kumeneko. Zina sizigwirizana ndi kwathu, usankhemo wekha. Undiuze zomwe Bambo Mfumu ayankhe.

Upereke moni kwa mayi, kwa alamu ndi kwa ana onse a mphakati wathu. Chitenje cha Amayi Achikatolika chija usaiwale, pali wina akubwera kuno mwezi wamawa, ndikuuza tsiku lake.

Ndine mnzako wa kalekale,
wa ku Dublin