Kalata kwa makasitomala athu: tasiya kuika mababu a HID m'nyale zopanda projekita

Okondedwa makasitomala athu,

Tikhulupirira muli bwino kumene muliko. Talemba kalata ino kuti tikudziwitseni za kusintha kumene kuyambe Lolemba likudzali pa ntchito ya nyale za galimoto. Tafuna mumve kwa eni akefe, kusiyana n'kudzadabwa mutafika kale pageti. Kuyambira tsiku limenelo sitidzaikanso mababu a HID, aja owala kwambiri a mpweya wa xenon, m'nyale zimene zinapangidwira babu la halogen ngati mkati mwake mulibe projekita, kachipangizo ka lenzi kowongolera kuwala. Chimodzimodzinso mababu a LED aja ongozula lakale n'kusomeka latsopano. Wofuna kuwala kwa HID tizimugwirira ntchito yonse yathunthu: kutsegula nyale, kumangamo projekita, kuika ballast (kabokosi koyatsa babu la HID) ndi mawaya ake, kenaka kulunjika kuwalako pakhoma kukada.

Ntchito tikuisiyayi taigwira kwa zaka, ndipo sitibisa, imatidyetsa. Ola lisanakwane galimoto yatuluka, mwini wake akumwetulira poti kutsogolo kwayera ngati masana. Chimene chinatitembenuza mtima chinachitika usiku wina kukugwa mvula. Ine amene ndagwira cholemberane ndinali kubwerera kunyumba, ndipo pokhota pena ndinakumana ndi galimoto imene inandithobwa m'maso moti msewu wonse unasowa. Ndinaiphethirira kawiri kuti dalaivala achotse fulu. Iye anandiyankha poyatsa fulu weniweniyo, ngati akunena kuti achimwene, ine ndili pa dimu kale. Ndinaponda buleki. Maso atabwerera ndinaona bambo wina akukankha njinga m'mphepete mwa msewu, pafupi kwambiri ndi bampala yanga, ndipo ndinali ndisanamuone n'komwe. Galimoto ija pondidutsa ndinaizindikira ndi makwerero amene anamangidwa pamwamba pake. Mababu amene anandithobwawo tinaika ndife, mwezi umodzi m'mbuyomo.

M'mawa mwake tinaimika galimoto ziwiri moyang'ana khoma la kuseri kwa galaja, ina ya halogen monga inachokera kufakitale, ina yoikidwa HID mwa njira yathu yakale ija. Titadikira kuti kude tinayatsa zonse. Ya halogen inajambula mzere wooneka bwino, pansi kuwala, pamwamba mdima. Inayo inangomwaza kuwala khoma lonse mpaka kudenga. Mmodzi wa anyamata athu anaima patsogolo pake n'kuphimba kumaso ndi chipewa. Palibe anayankhula.

Chifukwa chake chili mkati mwa nyale. Kuseri kwa babu kuli mbale yonyezimira, ndipo mbale imeneyi anaiumba moyeza kawaya kamodzi kamene kamayaka m'babu la halogen: kutalika kwake, malo ake enieni, ngakhale mbali imene kagonera. Kakasuntha ndi milimita imodzi yokha, kuwala kumapita kwina. Babu la HID lilibe kawaya. Limawala ndi kamphezi kodumpha pakati pa nsonga ziwiri zotalikirana mamilimita anayi kapena kupitirira pang'ono, mkati mwa mpweya wa xenon ndi mchere wa zitsulo. Kamphezi kameneka kamapindikira m'mwamba ndipo kamawala kwambiri kunsonga, pamene kawaya ka halogen kamawala kwambiri pakati. Mbale ija ikalandira kuwala kochokera malo amene siikuwadziwa, imakuponya pena paliponse. Tsono onjezani kuchuluka kwake. Kuwala kumayezedwa ndi malumeni: babu la halogen la H4 pa dimu limatulutsa malumeni pafupifupi 1,000, la H7 pafupifupi 1,500, koma la HID la mawati 35 limafika cha m'ma 3,200. Kuwala kowirikiza kawiri kapena katatu, kopanda wokuongolera.

Chopweteka n'chakuti nanunso amene muli pachiwongolero simupindula monga mukuganizira. Kuwala kwambiri kumaunjikana pafupi, mamita ochepa kutsogolo kwa bampala. Maso anu akaona poyera chotero amachepetsa kamboni, ndipo kutali kuja, kumene kuli dzenje kapena munthu wovala zakuda, kumada kuposa kale. Mtima umati ndikuona bwino, phazi limaonjezera moto, pamene zimene mukuonazo n'zapafupi zokha. Kukakhala chifunga kapena mvula, kuwala kokwera m'mwamba kuja kumabwerera m'maso mwanu momwe.

Opanga galimoto sanachitepo zongosinthanitsa mababu chonchi. BMW itatulutsa nyale za xenon koyamba pa 7 Series mu 1991, nyale yonse inapangidwira babu limenelo. Mpaka lero mababu a HID a kufakitale ali pawiri: otha ndi S, monga D2S, ndi a projekita, otha ndi R, monga D2R, ndi a nyale ya mbale, ndipo D2R ili ndi utoto wakuda pagalasi wotchinga kuwala kosafunika, mbale yakenso n'njoumbidwira babu lomwelo. Ife tinkadumpha zonsezi ndi kabokosi kamodzi.

Projekita imagwira ntchito mwa njira ina. Ili ndi kambale kakuya kosonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, patsogolo pake kachitsulo kotchinga, kenaka lenzi yokhuthala imene imaponya kuwalako kumsewu. Kachitsulo kaja ndi kamene kamadula kuwala, n'chifukwa chake pakhoma mumaona mzere wakuthwa ngati wodulidwa ndi lumo. Pansi pa mzerewo mungathire kuwala kochuluka bwanji, wobwera kutsogolo sathobwedwa. Zimene timaika ife ndi za bi-xenon, za mainchesi 2.5 kapena 3 malinga ndi malo amene ali m'nyale yanu. Mukayatsa fulu mumamva kaphokoso koti thwa, kachitsulo kaja kagwa, kuwala konse kwatuluka. Babu ndi limodzi lomwelo pa dimu ndi pa fulu.

Mzere uja suli wowongoka kuyambira uku mpaka uko. Uli ndi kasitepe, mbali ya m'mphepete mwa msewu ndi yokwererapo kuti muone zikwangwani ndi oyenda pansi, mbali ya magalimoto obwera ndi yotsika. Choncho projekita yopangidwira mayiko oyenda kumanja siyenera msewu woyenda kumanzere, ndipo ya kumanzere siyenera kumanja. Tikunena izi chifukwa ena mumagula nokha pa intaneti n'kutibweretsera. Tizilandirabe, koma tiziyamba taziyatsa pabenchi, ndipo kasitepe kakapezeka mbali yolakwika tidzakubwezerani bokosi lanu tisanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Kumene kusinthaku kukukhudzeni kwambiri ndi pa nthawi. Galimoto izigona kwathu masiku awiri. Pa galimoto zambiri za masiku ano nyale situluka bampala isanachoke. Ikatuluka timaitenthetsa mu uvuni mpaka zomatira zakuda zogwira galasi lakutsogolo zitafewa, n'kuikanula pang'onopang'ono kuti timano ta pulasitiki tisathyoke. Apa m'pamene wopupuluma amalira, chifukwa kutentha kukapyola nyale imapindika ndipo siibwereranso. Projekita ikamangidwa, nyale timaibwezera pagalimoto ili chitsegukire n'kuiyatsa pakhoma. Mzere wa kumanzere ndi wa kumanja uyenera kugona chimodzimodzi. Projekita ikapendekeka pang'ono chabe, pa mamita 10 mzere umaoneka ngati denga la nyumba yakugwa, ndipo mutamata kale palibe sikuluwu yakunja imene ingawongole zimenezo. Tikakhutira m'pamene timapukuta lenzi, kuika chophimba chake, kuthira zomatira zatsopano ndi kutseka. Timaonanso kuti timabowo topumira kuseri kwa nyale n'totseguka, apo ayi m'mawa mudzapeza mkati muli thukuta. Nyale zina anazimata ndi zomatira zouma gwa zimene sizifewa ndi moto. Zimenezo zimatidyera tsiku lachitatu, ndipo tidzakuuzani tisanayambe.

Kulunjika timachita kukada, galimoto itaima pamalo osalala mamita 10 kuchokera kukhoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Pa nyale zambiri pamalembedwa kanambala konga 1.0% kapena 1.2%. Tanthauzo la 1.0% n'lakuti pa mamita 10 mzere utsike masentimita 10 kuchokera pa msinkhu wa nyale. Timamata tepi pakhoma, timayeza, ndipo mwini galimoto timafuna akhalepo aone yekha.

Pa mtundu wa kuwala tikudziwa kuti tikangana ndi achinyamata, koma taima pomwepo. Tiziika mababu a pakati pa 4300K ndi 5000K basi. Nambala ya K ija siyeza mphamvu, imangonena mtundu. Halogen ili cha m'ma 3200K, n'chifukwa chake imaoneka yachikasu. HID ya kufakitale ili cha m'ma 4300K, ndipo m'dera limenelo ndi mmene babu limatulutsa kuwala kochuluka. Mukakwera ku 8000K mumapeza buluu wokongola pa chithunzi, koma kuwala kwatsika, ndipo pa tala wonyowa kumangomira. Ballast nayo tiziika ya mawati 35 yokha. Ya mawati 55 imawala ndithu miyezi yoyamba, kenaka imawaula kambale ka projekita, kunyezimira kuja n'kusanduka phulusa, ndipo zikatero mankhwala ake n'kutsegulanso nyale.

Pempho limodzi, makamaka kwa inu okonda kugwiragwira m'boneti Loweruka. Poyatsa babu la HID, ballast imaponya mavolti oposa 20,000. Musazule pulagi nyale zili zoyaka, ndipo musayese babu lili m'manja. Likapsa musagule poona maonekedwe okha: D1S ndi D2S zimayendera mavolti 85, D3S ndi D4S mavolti 42, sizilowana. Musinthe onse awiri nthawi imodzi, popeza babu la HID likamakalamba limasintha mtundu, ndipo latsopano pambali pa lakale zimaoneka ngati galimoto yatupa diso. Kuzimitsa n'kuyatsa pafupipafupi nako kumalifupikitsa moyo.

Za malamulo tinene mosapsatira. Amasiyana dziko ndi dziko, ndipo projekita yomangidwa bwino siisandutsa nyale yanu kukhala yovomerezedwa ndi fakitale. Malamulo a United Nations a nambala 48, amene mayiko ambiri amatsatira pa galimoto zatsopano, amafuna kuti dimu yoposa malumeni 2,000 ikhale ndi zotsukira nyale komanso makina odzilunjika okha katundu akalemera kumbuyo. Ku Britain, galimoto yoikidwa babu la HID kapena LED m'nyale ya halogen imalephera mayeso a MOT, oona ngati galimoto ikuyenera kuyenda pamsewu. Musanatipatse makiyi, funsani kumene mumayezetsa galimoto yanu, ndipo a inshuwalansi anu muwadziwitse. Galimoto yanu ikakhala ndi kagudumu kotsitsira nyale pa dashibodi, kaja kolembedwa 0 mpaka 3, sitidzakadula, ndipo mukanyamula katundu kapena anthu kumbuyo muzikagwiritsa ntchito.

Pali nyale zina zimene tizikana. Za galasi la mizeremizere, zija za galimoto zakale, zimaswa mzere wa projekita chifukwa galasilo nalo limapinda kuwala. Zokhota zokha potsata chiwongolero sitizigwira. Zong'aluka kuseri muyambe mwapeza zina.

Ambiri mwa inu mukamati nyale zafooka, vuto silikhala babu n'komwe. Galasi lakutsogolo la pulasitiki limachita chikasu ndi dzuwa n'kumadya kuwala kusanatuluke. Timalipala, kulipukuta ndi kulipaka mankhwala oteteza ku dzuwa, ndipo popanda mankhwalawo chikasu chimabwerera miyezi yochepa. China ndi mawaya okalamba. Babu la halogen silipirira njala: mphamvu yofika pababu ikatsika ndi magawo 10 pa 100, kuwala kumatsika ndi magawo pafupifupi 30. Tikayeza n'kupeza kuti magetsi akutayika panjira, timaika relay (kaswitchi kodziyendera ndi magetsi) ndi waya wonenepa wochokera kubatire, wokhala ndi fyuzi yake. Mukaphatikiza ziwirizi ndi mababu abwino a halogen ndi kulunjika koyenera, ena mudzapeza kuti projekita simukuifunanso. Ntchito imeneyi imatha tsiku lomwelo, ndipo n'njotsika mtengo kutalitali. Ya projekita ndi yokwera kuposa zimene munazolowera kulipira pa mababu okha, ndipo mtengo wake tizinena titaiona galimoto, chifukwa nyale sizifanana.

Tsono kwa inu amene tinakuikirani kale HID m'nyale za mbale, pepani, kulakwa kunali kwathu, inu munangokhulupirira mawu athu. Bweretsani galimoto tidzaiimike pakhoma muone nokha, simulipira kanthu. Mukasankha kubwerera ku halogen, tidzabwezeretsa mawaya monga analili osakulipiritsani ntchito, inu mudzangogula mababu. Mukasankha projekita, ballast yanu ikakhala ya mawati 35 ndipo ikugwira bwino tidzaigwiritsanso ntchito n'kuchotsera pa mtengo. Mwini wa galimoto ya makwerero ija anabwera kale. Ataima yekha kutsogolo kwa galimoto yake anangoti, kani anthu amandiphethirira chifukwa cha ichi, ine ndimayesa nsanje.

Popeza kulunjika kumadikira mdima, sitingathe kupitirira galimoto ziwiri za projekita pa sabata, choncho yambani mwaimba foni pa nambala yathu ya masiku onse kuti tikusungireni tsiku. Pobwera kudzayeza pakhoma, fikani dzuwa likulowa, thanki ili ndi mafuta osachepera theka, ndipo katundu amene amakhala m'buti masiku onse musamutsitse.

Ndife anu,
Eni galaja pamodzi ndi amisiri onse