Titsegulireni maholo ana asewere badminton

A Mkonzi,

Badminton (masewera omenya kampira kanthenga kudutsa pamwamba pa neti) ya awiriawiri, mnyamata ndi mtsikana mbali imodzi, iyenera kupatsidwa malo m'sukulu za kuno ku Salima. Nkhani ya Huang Yaqiong, katswiri wamkazi wa badminton wa ku China, yandikhudza: iye ndi mnzake wamwamuna Zheng Siwei adagonja mu ndime yomaliza ya Olympics ku Tokyo, koma sadagwe ulesi mpaka adatenga golide ku Paris mu 2024.

Ine ndimaphunzitsa ana masewerawa pabwalo lafumbi. Mwera ukayamba kuomba mu June, kampira kanthenga kaja kamangouluzika, basi timaweruka. Zimandiwawa, chifukwa atsikana omwe timangowakankhira ku mpira wamanja ndiwo akuchenjera kwambiri pafupi ndi neti.

Akuluakulu a maphunziro m'boma lino atilole kugwiritsa ntchito maholo a sukulu za sekondale Loweruka lililonse. Kusesa ndi kusamala malowo tidzachita tokha.

Mphunzitsi wa masewera,
Salima