Aphungu athu, mayunivesite munawabala, tsono muwalere

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphungu athu kudzera m'nyuzipepala yanuyi, poti ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ine sindingapatsidwe mpata woima. Ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Ndagwira choko zaka 34 m'sukulu za pulayimale kuno ku Ntcheu, ndipo lero ndine mtsibweni wa mtsikana amene akuphunzira pa imodzi mwa sukulu zaukachenjede za boma. Mayi ake, amene ndi mlongo wanga, amagulitsa kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1. Bambo ake adatisiya kale. Ndiye fizi ikakwera, foni imene imalira ndi yanga.

Ife amene tidakula nthawi ya a Kamuzu tinkadziwa yunivesite imodzi yokha, University of Malawi (UNIMA). Idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ophunzira oyamba adalowa m'kalasi mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre. Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Polytechnic (Poly), sukulu ya zaulimi ya Bunda, sukulu ya anamwino ya Kamuzu, kenako ya madotolo, onsewa adali ana a nyumba imodzi, odya mphika umodzi. Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu, idatsegula zitseko mu 1999. Bunda idatuluka m'nyumbamo n'kukhala LUANAR mu 2012, yunivesite ya sayansi ya MUST idayamba kuphunzitsa ku Ndata m'boma la Thyolo mu 2014. Mu 2019 aphungu adavomereza malamulo atatu ogawa University of Malawi, ndipo pa 4 May 2021 Poly idasanduka MUBAS, sukulu ya madotolo ndi ya anamwino zidaphatikizana kukhala KUHeS, dzina la UNIMA n'kutsala ku Chancellor College. Lero tili ndi mayunivesite a boma asanu ndi imodzi.

Kugawaku ine ndidakuombera m'manja ndipo sindidasinthe maganizo. Khonsolo ya yunivesite itafuna kubweza nkhaniyi kumayambiriro kwa 2021, ndidali m'gulu la amene adakwiya. Mwana akakula amamanga yake nyumba. Koma walira mvula walira matope. Yunivesite iliyonse yoima payokha imafuna mkulu wake ndi omuthandiza, mlembi wamkulu wake, khonsolo yake yokhala ndi misonkhano yake, woyang'anira chuma wake, magalimoto ake. Zimene kale zinkalipiridwa kamodzi ku ofesi yaikulu ku Zomba lero zikulipiridwa katatu. Lamulo lidadutsa bwinobwino m'Nyumbamo, manja n'kuombedwa pamatebulo. Funso langa kwa olemekezeka ndi ili: tsiku limene munkavomereza mabilu atatu aja, ndani adaimirira kufunsa kuti nyumba zitatu zatsopanozi zizidya chiyani chaka ndi chaka?

Chimene chimachitika tikuchiona. Chaka chilichonse nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, makomiti a aphungu amakhala pansi ndi akuluakulu a mayunivesite, ndipo nyimbo imakhala yomweyomweyo: tidapempha zakuti, mwatipatsa zochepa, ndipo zochepazo zambiri zithera malipiro a ogwira ntchito. Nyuzipepala zimalemba, mawayilesi amaulutsa, bajeti imadutsa. Chotsala cha magetsi, madzi, mankhwala a mu labu, mabuku ndi kukonza zimbudzi chimasakidwa kwina. Kwinako ndi kwa mlongo wanga pamsewu paja.

Mu 2016 fizi ya ku UNIMA itakwezedwa kufika K400,000, ophunzira adatuluka m'misewu, sukulu zina zidatsekedwa, mpaka mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Peter Mutharika, adalamula kuti itsike ndi K50,000. Mu 2023 idadumpha kuchoka pa K350,000 kufika K650,000. Sindikunena kuti akuluakulu a sukuluzi ndi ankhanza. Ndakhalapo mphunzitsi wamkulu, ndikudziwa kuwawa kwake kotsegula teremu m'kabati mulibe choko. Munthu amene wauzidwa kuti aphunzitse udotolo kapena uinjiniya ndi ndalama yosakwana alibe kwina kogwira. Koma mu November chaka chomwecho cha 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, pakatikati pa chaka cha boma chimene chimayamba pa 1 April. Ndalama imene aphungu adavomereza mu March idafika mu December itafooka, ndipo zipangizo zambiri za mu labu zimagulidwa kunja ndi madola. Kwa ife makolo nkhonya zidabwera ziwiri nthawi imodzi, ya fizi ndi ya ufa.

Ndikuuzeni m'mene mwana wa mlongo wangayo akukhalira. Malo ogona a pasukulu sadawapeze, poti ndi ochepa kuyerekeza ndi ophunzira amene amasankhidwa. Akuchita lendi kachipinda kunja kwa mpanda ndi anzake atatu, matiresi awiri pansi, mbaula pakhomo. Amaphika kamodzi madzulo. Masana ndi chimanga chootcha kapena chigumu, zikavuta madzi basi. Titumize ufa pa minibasi, titumize nyemba, tiwonjezere ya bandulo chifukwa zolemba zambiri masiku ano amazilandira pafoni. Chaka chatha tidagulitsa mbuzi ziwiri zimene mayi ake ankasungira feteleza. Atabwera patchuthi ndidamuona akuwerenga usiku ndi tochi ya foni, ataonda mpaka mkanda wa m'khosi kulendewera, ndipo ndidatuluka panja kuti asaone nkhope yanga. Mtsikanayu adakhoza bwino mayeso a Fomu 4 pasukulu yoyendera yopanda labu. Dziko lidamuitana lokha kuti bwera udzaphunzire.

Wina anena kuti ngongole za ophunzira zilipo. Zoona, ndipo lamulo la 2015 limene lidakhazikitsa bungwe loona za ngongolezi lidali lanzeru. Koma thumba lake nalonso limadalira bajeti yomweyo, kuphatikiza zimene abweza amene adakongola kale. Fizi ikakwera pafupifupi kawiri koma thumba osakula chimodzimodzi, ndiye kuti ana opindula achepa, kapena ya chakudya itsalira m'mbuyo mitengo ikuthamanga. Apa aphungu ali ndi mphamvu imene sakuigwiritsa ntchito. Akhoza kuika m'lamulo kuti fizi ya sukulu za boma isakwere popanda thumba la ngongole kukwezedwa m'bajeti ya chaka chomwecho. Ndipo poti bungweli likutolera ngongole kuyambira kwa amene adaphunzira mu 1985, ndikupempha phungu aliyense, nduna iliyonse ndi mlembi wamkulu aliyense wa ku Capital Hill amene adadya ndalama imeneyi ali mnyamata aonetse poyera kuti adabweza. M'badwo umenewo udadya nyama ndi mpunga ku kafeteriya boma likulipira. Ambiri mwa amene akuvomereza bajeti lero adaphunzira motero.

Chachiwiri n'chimene chimandipweteka kwambiri. Ndalama yolembedwa m'buku la bajeti ndi ndalama yofika ku akaunti ya sukulu n'zinthu ziwiri zosiyana. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nduna ikhoza kutchula mabiliyoni a nyumba zogona ophunzira, ife kumudzi n'kusangalala pawayilesi, chaka n'kutha pamalopo pali udzu. Anthu a ku Mzimba akudziwa bwino: mwala wa maziko a yunivesite ya Mombera udaikidwa mu 2015, dzina lidasinthidwa kukhala la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndipo zaka zidapita zambiri mwana asadalowemo m'kalasi. Bwanji komiti ya zamaphunziro ya m'Nyumbamo, isadavomereze bajeti yatsopano, osayamba yaitanitsa pepala limodzi losavuta: yunivesite iyi tidaivomerezera zakuti, idalandira zakuti, mwezi wakuti? Pepala limenelo lisindikizidwe m'nyuzipepala, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, kuti nafenso tiziwerenga. Likatero kholo lidzadziwa pokalozera chala fizi ikakwera.

Ndamva ena akulankhula zotsegula mayunivesite enanso, chigawo chilichonse yake. Sindikukana, ana ofuna malo ndi ochuluka ndipo ambiri okhoza bwino amatsala. Koma bilu yotere ikafika m'Nyumbamo, ibwere itanyamula chiwerengero cha ndalama zoyendetsera sukuluyo zaka zisanu zoyambirira ndi kumene zichokere, apo ayi aphungu aibweze.

Kwa phungu wa dera lathu, amene ena mwa abale ake ndidawaphunzitsa a e i o u: bwana, mukabwera kumaliro kapena kumpira, tidzakufunsani zimene mudalankhula tsiku lokambirana ndalama za maphunziro. Semesita ikutsegulidwa posachedwa, ndipo m'khola mwa mlongo wanga mwatsala mbuzi imodzi.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Ntcheu